Kalata kwa a Nduna ya Maphunziro: mwana wa ku chigwa cha Shire akuwoloka mitsinje iwiri

Olemekezeka a Nduna ya Maphunziro, a Mlembi Wamkulu mu undunawu, aphungu a Nyumba ya Malamulo a m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje, ndi inu akuluakulu a maphunziro m'chigawo cha South West,

Ndine mphunzitsi wa ku pulayimale. Kwathu n'kumtunda ndipo Chichewa ndinayamwira, koma choko ndachigwirira kuno kuchigwa, m'masukulu a pakati pa Ngabu ndi Marka, mpaka ana amene ndinawaphunzitsa a, e, i, o, u lero akundibweretsera ana awo. Sindine mfumu, sindine wandale. Ndalemba chifukwa wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo kalatayi ndaiyika poyera kuti makolo a ana amene ndikuwanenawa aone nawo zimene ndakuuzani.

Mwana wa zaka 6 wa kwa Ndamera kapena kwa Nyachikadza akamabwera kudzayamba Sitandade 1, amabwera ali wodziwa kale kulankhula. Amawerenga mbuzi za kwawo osaphonya, amasiyanitsa mlamba ndi makakana, amadziwa nthawi yotsikira kudimba, ndipo mukamupatsa mpata akhoza kukuimbirani nthano yonse ndi nyimbo yake yomwe. Zonsezi amazichita m'Chisena. Tsiku loyamba lomwelo timamupatsa mabuku awiri, lina la Chichewa, lina la Chingerezi. La chilankhulo chimene amalotera usiku palibe. Mnzake wa ku Dowa kapena ku Kasungu ali ndi mtsinje umodzi woti awoloke, womwe ndi Chingerezi, ndipo ngakhale umodziwo ukukokolola ana ambiri. Wathu kuno ali ndi mitsinje iwiri. Pomwepo palinso mwana wachitatu, wa ku Namiwawa kapena ku Area 10, amene Chingerezi amadyera nacho nsima kunyumba; ameneyo anabadwira kutsidya. Tikafika pa mayeso, timawapatsa pepala limodzi ndi nthawi yofanana, n'kumati tachita chilungamo.

Mu Sitandade 1 ndi 2 mphunzitsi wa kuno amadziwa chimene chimachitika. Ana amaloweza. Mukaloza chithunzi amayankha onse pamodzi mokweza, alendo oyendera sukulu n'kukondwa. Mukamutenga mmodzi payekha kuti akuuzeni zimene wawerenga, amayang'ana pansi. M'kaundula timalemba kuti ndi wofooka, abwereze. Akabwereza kawiri, bambo ake amaona kuti kuli bwino akawete ng'ombe kapena akapalire thonje, ndipo mtsikana amayamba kumuonera banja. Kenaka malipoti amati makolo a kuchigwa sakonda sukulu. Ine ndawaona makolo amenewa akugulitsa mapira a m'nkhokwe kuti agule yunifolomu. Chimene sakonda n'kuona mwana akupita m'mawa uliwonse kwa zaka zitatu osatha kuwerenga kalata ya kuchipatala.

Zimenezi zili ndi poyambira pake, ndipo inu mukupadziwa. Mu 1968 msonkhano waukulu wa chipani cha MCP unagamula kuti Chinyanja chizitchedwa Chichewa, chikhale chilankhulo cha fuko, ndipo chiziyenda limodzi ndi Chingerezi pa ntchito za boma. Chitumbuka anachichotsa pa wailesi ndi m'masukulu. Chisena, chomwe sichinalowemo n'komwe, chinatsala cha kudimba, kumsika ndi kumaliro. Mu 1972 kunabwera Chichewa Board yoti izilamula Chichewa cholondola, ndipo cholondolacho chinkamveka ngati cha ku Kasungu, kwawo kwa Kamuzu. Apa Amang'anja nawo analuza, ngakhale anthu ambiri sazindikira. Imodzi mwa madikishonale aakulu oyambirira a chilankhulo chimene lero tikuchitcha Chichewa, imene David Clement Scott wa mishoni ya Blantyre anatulutsa mu 1892, inali ya Chimang'anja. Kalankhulidwe ka anthu a Lundu, mfumu yaikulu ya Amang'anja, kanalowa m'mabuku kalekale. Lero mwana wa kwa Lundu akalemba monga amalankhulira agogo ake, cholembera chofiira chimamupeza.

Ulamuliro wa zipani zambiri utabwera tinaona ngati kwacha. Sukulu ya pulayimale inakhala yaulere mu 1994. Malamulo oyendetsera dziko, m'gawo 26, anati munthu aliyense ali ndi ufulu wogwiritsa ntchito chilankhulo chimene wasankha. Mu Marichi 1996 unduna wanu womwewu unatulutsa chikalata cholamula kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'chilankhulo cha kwawo. Chaka chomwecho wailesi ya MBC inayamba kuwerenga nkhani m'Chisena, Chiyao ndi Chilomwe, ndipo Centre for Language Studies ya ku Zomba inalowa m'malo mwa Chichewa Board. Koma chikalatacho chinabwera chokha. Mabuku sanatsatire, aphunzitsi sanaphunzitsidwe, ndipo chinafera m'mafayilo a ahedi. Kenaka lamulo la maphunziro la 2013, m'gawo 78, linati chilankhulo chophunzitsira ndi Chingerezi, ndipo mu 2014 nduna ya nthawi imeneyo inalengeza kuti zikhala choncho kuyambira Sitandade 1. M'kalasi la ana oposa 100 okhala pansi, mawu amenewo sanagwire. Aphunzitsi anangopitiriza kuchita zimene akanatha. Pulogalamu ya kuwerenga imene inayamba mu 2016 inabweretsa mabuku abwino ndithu, ndiyamikire, koma anali a Chichewa ndi Chingerezi basi.

Tsono ndifike pa nkhani imene ambiri amaizemba, ya khungu. Ulemu umene Chingerezi chili nawo m'dziko muno unabwera ndi mwini wake. Nthawi ya atsamunda sukulu zinali zogawa: za ana a azungu, za ana a amwenye, ndi za ife. M'zaka za chitaganya, kuyambira 1953 mpaka 1963, maphunziro a azungu ndi amwenye ankayendetsedwa ndi boma la chitaganya, pomwe a ana akuda anasiyidwa m'manja mwa boma la Nyasaland ndi amishoni. Tinalandira ufulu mu 1964, koma muyeso wa munthu wophunzira sitinausinthe. Kamuzu yemwe ankalankhula ku mtundu wake m'Chingerezi, womasulira ataima pambali. Mu 1981 anatsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama, kumene ana osankhika ankaphunzira Chilatini ndi Chigiriki kwa aphunzitsi achizungu, Chichewa chimene iye ankachinyadira chitatsala kunja kwa mpanda. Phunziro limene dziko lonse linatolapo ndi lakuti nzeru zenizeni zimalankhula Chizungu ndipo zimakhala ndi khungu loyera. Bishop Charles Mackenzie anamwalira kuno kuchigwa mu 1862, pafupi ndi pamene Ruo amathira mu Shire, ndipo anaikidwa m'manda kufupi ndi Chiromo. Dzina lake lero lili pa geti la sukulu ina ku Lilongwe, imene mwana wa ku Chiromo sangalote zoipondamo. Sukuluyo sindikuiimba mlandu. Ndikungoti muone kumene dzina linapita ndi kumene anthu anatsala.

Lero palibe chikwangwani choletsa munthu wakuda kulowa paliponse, komatu mtima uja ulipobe, ndipo kuno timauona bwino chifukwa alendo sasowa. Madzi akasefukira, monga mu Januwale 2015, mu 2019, nthawi ya namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023, galimoto zoyera za mabungwe zimatsika Thabwa zili m'ndandanda. Thandizo lawo tinadya, ndipo sindingakhale wosayamika. Koma taonani mmene msonkhano umakhalira. Mtsikana wachizungu amene wangotsiriza kumene sukulu kwawo akaimirira n'kunena kuti "Muli bwanji nonse", anthu timawomba m'manja mpaka nthungululu, ndipo mpando wakutsogolo ndi wake. Mnyamata wa ku Makhanga amene akumumasulira amalankhula Chisena, Chichewa, Chingerezi, mwinanso Chipwitikizi cha kumalire, koma ameneyo timamutcha wothandizira, ndipo akaphonya mneni mmodzi m'Chingerezi ife tomwe timatsinana. Mawu awiri a mlendo timawawerenga ngati luso. Zilankhulo zinayi za mwana wathu sitiziwerenga n'komwe. Anyakwawa amene akudziwa njira imene madzi a Ruo amadzera akasiya khwawa lake amakhala kumbuyo, akudikira kuti wina awafotokozere mwachidule zimene zagamulidwa zokhudza mudzi wawo. Ana asukulu amakhala akusuzumira pawindo, pakuti misasa imakhala m'makalasi mwawo. Zimene amaphunzira pamenepo zimaposa zimene ine ndingawaphunzitse teremu yathunthu: amaona amene amamvedwa akalankhula, ndi amene amangodikira.

M'masukulu ambiri, makamaka a sekondale ndi omwe si aboma, mudakali malamulo olanga mwana wopezeka akulankhula chilankhulo cha makolo ake. Wina amamuveka kachipande kapena chigoba m'khosi kuti achipereke kwa mnzake amene amumve akulakwa, ndipo wotsala nacho madzulo amakakumba dzenje kapena kutchetcha. Choncho timaphunzitsa ana kuzondana, ndi kuchita manyazi ndi mawu a amayi awo. Chodabwitsa n'chakuti mphunzitsi wolangayo akalowa mu ofesi ya aphunzitsi amacheza m'Chichewa.

Apa ndiye ndilankhule ndi anzanga a Chichewa, ndipo ambiri mwa inu olemekezeka muli m'gulu lomweli. Timadandaula kwambiri za Chingerezi, kuti chimatichepetsa, kuti munthu wanzeru amaoneka mbuli chifukwa cha lilime. N'zoona. Koma zimene Chingerezi chimatichita ifeyo, ife timachita kwa Msena. Mwana akanena "pinthu" m'malo mwa "zinthu", kalasi lonse limaseka, nthawi zina mphunzitsi ndiye amayambitsa. M'masewero a zisudzo, munthu wolankhula mwa Chisena kawirikawiri amakhala mlonda kapena chitsiru cha seweroli. Mnyamata wa ku Nsanje akakwera basi kupita ku Blantyre, pofika pa Thabwa lilime walipinda kale, ndipo akakhala ku Ndirande kapena ku Bangwe zaka zingapo, ana ake Chisena amachimva ngati cha kunja. Dziko limadziwa nkhani ziwiri zokha za Nsanje: madzi osefukira, ndi fisi uja anamveka pa BBC mu 2016. Za Khulubvi ndi Mbona, za valimba ndi utse, za alimi amene amakolola kawiri pachaka podalira chinyezi cha m'dambo, zimenezo m'mabuku a ana muli zochepa zedi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Asena ndi pafupifupi anthu 4 mwa 100 alionse m'dziko muno, ndipo Amang'anja ndi oposa 3 mwa 100. Boma la Nsanje linali ndi anthu pafupifupi 300,000, la Chikwawa oposa 560,000. Awa si anthu oti n'kuwaiwala polemba buku la Sitandade 1.

Ndikudziwa zimene mundiyankhe, chifukwa ndazimvapo kwa makolo omwe. Mudzati dziko lapansi likuyenda ndi Chingerezi, ndipo mwana wosachidziwa tamutsekera khomo. Ndikuvomera ndi manja awiri. Ine ndikufuna mwana wa kwa Tengani adziwe Chingerezi choti akaimirire nacho ku Geneva. Funso ndi lakuti amachidziwa bwanji. Kuwerenga munthu amaphunzira kamodzi kokha m'moyo. Akazindikira kuti zilembo izi zikuimira mawu amene iye amawadziwa kale, luso limenelo amapita nalo ku chilankhulo china chilichonse. Koma mukamupatsa ntchito ziwiri nthawi imodzi, kuzindikira zilembo ndi kulota tanthauzo la mawu achilendo, zonse ziwiri zimamupulumuka. M'mera mpoyamba. Njira imene tikutsata panoyi ikutipatsa ana ofika Sitandade 5, pamene maphunziro onse amatembenukira ku Chingerezi, asakutha kuwerenga bwino chilankhulo chilichonse mwa zitatuzo. Amene amati tiyambe Chingerezi msanga nthawi zambiri amaloza ana a m'sukulu zolipira za m'tauni. Amaiwala kuti kumeneko kalasi lili ndi ana ochepa, mabuku ali tho, ndipo mwanayo akaweruka amakapeza wailesi ya kanema ndi makolo olankhula Chingerezi chomwecho.

Mudzatinso zimenezi zigawa mtundu. Ine ndakhala kuno nthawi yaitali, ndipo sindinaonepo Msena akukana kuphunzira Chichewa. Amachilankhula pamsika wa Bangula, kutchalitchi, kuchipatala, m'minda ya nzimbe ku Nchalo kumene mitundu yonse imakumana. Chigwa chino chinazolowera kusakaniza anthu: mafumu monga Kasisi, Maseya, Katunga ndi Mlilima ndi zidzukulu za Amakololo amene anabwera ndi Livingstone, ndipo m'zaka za m'ma 1980 anthu a ku Nsanje anagawana minda ndi zitsime ndi othawa nkhondo ya ku Mozambique ochuluka zedi. Chogawa mtundu n'kuuza gulu lina la ana kuti lilime lawo n'loyenera kubisa. Ndipo za ndalama, inde n'zosowa, makamaka pano pamene ena mwa otithandiza akunja achotsa dzanja. Koma sitikuyambira pa dothi. Kutsidya kwa malire a Marka, boma la Mozambique linayamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 kuphunzitsa ana a makalasi oyambirira m'zilankhulo za kwawo pamodzi ndi Chipwitikizi, ndipo Chisena chili m'gulumo. Kalembedwe kawo kamasiyanako ndi kathu, koma akatswiri a ku Centre for Language Studies ndi a ku Malawi Institute of Education ku Domasi ntchito yawo ndi yomweyo. Pa wailesi ya Nyanthepa ku Nsanje Chisena chimamveka tsiku ndi tsiku. Olemba ndi ofotokoza nthano tili nawo m'midzi muno.

A Nduna, mutu ukakula sulewa nkhonya. Gawo 78 lomwe lija limakupatsani inu mphamvu yolengeza m'Gazeti ya boma chilankhulo chophunzitsira m'masukulu. Simufunika kudikira kuti lamulo lonse lisinthidwe. Lengezani kuti m'madera amene ana ambiri amafika kusukulu akulankhula Chisena, aphunzire kuwerenga ndi kuwerengera m'Chisena mu Sitandade 1 ndi 2, Chichewa ndi Chingerezi azizimva ndi kuzilankhula monga maphunziro apadera, kenaka alowe m'zilankhulo zinazo pang'onopang'ono. Ngati mukukayika, yambani ndi mazoni ochepa, ena ku Nsanje, ena ku East Bank, muyese anawo pakatha zaka ziwiri, muwayerekeze ndi anzawo, zotsatira zake muziike poyera. Zikakanika, ine ndidzakhala woyamba kunena. Koma ulendo uno chikalata chisabwerenso chokha monga mu 1996; chibwere ndi buku m'manja mwa mwana.

Koleji ya aphunzitsi mwatimangira ku Chikwawa. Aliyense wophunzira pamenepo amene adzatumizidwe m'masukulu a kuchigwa atuluke akutha kupereka moni, kufunsa funso ndi kutonthoza mwana wolira m'Chisena. Aphunzitsi ochokera kumtunda tikafika kuno timaphunzira tokha, kwa ana omwe tikuwaphunzitsawo, ndipo ena amangowerenga masiku kudikira kalata yowasamutsa, kutentha kwa mu Okutobala kukawafika pakhosi. Potumiza aphunzitsi ku Sitandade 1 ndi 2, yambani mwaona amene anakulira kuno. Ndipo chilango cholangira mwana chifukwa cha chilankhulo chake chithetsedwe ndi chikalata chomveka bwino, chopita ku sukulu za boma ndi zomwe si za boma, alangizi a m'mazoni achitsatire. Chimenechi sichifuna ngakhale tambala.

Pali lina limene ndikudziwa kuti likhumudwitsa anzanga ophunzitsa Chingerezi. Mwana akalephera Chingerezi pa mayeso a MSCE salandira satifiketi, ngakhale atakhoza bwino masamu, ulimi ndi sayansi. Ndaona ana otere akubwerera kumudzi ngati sanapondeko kusekondale, pomwe ankatha kuwerengera mulingo wa mankhwala a thonje kuposa amene anawagulitsa. Ku yunivesite funani Chingerezi, n'zomveka, chifukwa mabuku a kumeneko ali m'Chingerezi. Koma satifiketi ya Folomu 4 ndi umboni wa zonse zimene mwana waphunzira zaka zinayi, ndipo phunziro limodzi lisamafufute ena onse. Khalani pansi ndi a MANEB muliunikenso lamuloli.

Inu aphungu athu, nthawi ya kampeni munkalankhula Chisena chozama pa misonkhano, miyambi ndi nthabwala zomwe, ndipo amayi ankakuvinirani utse. Mutalowa m'Nyumba ija, gawo 51 la malamulo a dziko limafuna kuti phungu akhale wodziwa kulankhula ndi kuwerenga Chingerezi, ndipo zokambirana zimayenda m'Chingerezi. Agogo amene anaima pamzere dzuwa likuswa mtengo kuti akuvotereni amatsegula wailesi osamva ngati mwawanenera za mlatho wa Chiromo kapena ayi. Malamulo omwewo amalola Nyumbayo kuvomereza zilankhulo zina pa zokambirana zake. Nkhaniyi inakambidwapo kale n'kugonekedwa, ena poopa kuti anthu aziti sanaphunzire. Idzutseni. Ndipo musanafike pa yaikuluyo, chitani yaing'ono iyi: pa nthawi ya mafunso, mmodzi wa inu aimirire afunse a Nduna kuti mabuku angati a Chisena afika m'manja mwa ana a Sitandade 1 chitulukireni chikalata cha 1996, ndi kuti mu bajeti ikubwerayi mwaikidwa zingati zosindikizira mabukuwo. Yankho lake tidzalimvera pa wailesi, ndipo aphunzitsi a kuno tidzawamasulira makolo pa msonkhano wa komiti ya sukulu.

Ine wanu pa ntchito ya ana,
Mphunzitsi wa ku pulayimale, boma la Nsanje